Ndiwo Zapamphasa N'zamphepo

Mwambi wakuti "fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo" unapekedwa ndi anthu onunkhiza fodya, amene anaona kuti chinthu sichiwerengedwa kukhala chako chisanafike pamene chikupita. Ngakhale kuti onunkhizawo achepa masiku ano, chiphunzitso chawo chikugwira ntchito ku Chirimba, m'munsi mwa phiri la Michiru, kumene anthu okhala m'nyumba za lendi amalima nkhwani, bonongwe, tsabola wa kambuzi ndi mpungabwi, chomera chonunkhira chija chothamangitsira udzudzu, m'matumba, m'zidebe zobooka ndi m'matayala akale.

Mphepo yoyamba imene imaomba pa kadimba kotere ndi ya anansi, pakuti tsamba lothiriridwa ndi madzi ogula pa chidebe limakhala la mwini wake pokhapokha lisanaonekere pamwamba pa mpanda. Likangosuzumira, ana amayamba kutumidwa ndi mawu akuti "akuti mutigaireko pang'ono," ndipo mwini dimba amene wajambula ndiwo zake n'kuziika pa WhatsApp amakhala atakulitsa vutoli yekha, chifukwa chithunzicho chimafika ku Ndirande ndi ku Machinjiri tsiku lomwelo. Eni mitengo ya mandimu anaziona zimenezi mu 2021, pamene Covid-19 inasandutsa tsamba lililonse lonunkhira kukhala katundu wa dera lonse.

Yankho la makolo linali kufutsa, kumene ndi kuwiritsa masamba kwa kanthawi kochepa ndi kuwayanika kufikira atauma, ndipo ndiwo zotulukapo zimatchedwa mfutso. Ntchitoyi imayenera miyezi ya Marichi ndi Epulo, pamene chitambe, khwanya ndi nkhwani zachuluka ndipo mvula ikutsazika, pakuti wozengereza kufikira Juni amakumana ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu, kamene kamachititsa masamba chuku. Zomera zonunkhira zili ndi lamulo lawolawo: zimathyoledwa m'mawa mame atauma, zisanachite maluwa, ndipo siziwiritsidwa koma zimayanikidwa pamthunzi, chifukwa fungo lawo limakhala m'timafuta timene dzuwa limauluza. Masamba a chammwamba nawonso amafuna mthunzi kuti asataye mavitamini ake. Tsamba louma bwino limadziwika pofikisa, popeza limanyenyeka ndi zala.

Koma mphasa yoyanikira ndiyo chala chenichenicho cha m'mwambi uja. Ikayalidwa pansi, nkhuku za eni nyumba, zimene wa lendi sangazigende popanda kuganizira za kumapeto kwa mwezi, zimatenga msonkho wawo, ndipo ikakwezedwa pa denga la malata, kamvuluvulu amagawira ploti yonse mosakondera, kuphatikizapo amene sanathirireko ngakhale kapu imodzi.

Zotsala pa misonkho yonseyi kale zinkasungidwa m'chikwatu, chomwe ndi phukusi la masamba a msuku lomangidwa ndi luzi ndi kupachikidwa pafupi ndi moto, kumene utsi unkapirikitsa tizilombo. M'tauni malo a chikwatu anatengedwa ndi jumbo zopyapyala, zimene boma linaletsa mu 2015 koma zimene zimapezekabe, ndipo kuipa kwake n'kwakuti zimatsekera chinyezi m'kati ngati masamba sanaumitsitse. Ena amadalira firiji, osakumbukira kuti chiyembekezo chawo chonse chapachikidwa pa waya wa magetsi, pamene mfutso wa m'botolo louma ndi lotsekedwa bwino sufunsa ngati magetsi abwera.

Phindu la khama lonseli limaoneka mu Okotobala, dzuwa likapsereza madimba ndipo mulu wa masamba pamsika wa Chirimba ukachepa thupi koma osachepa mtengo. Nthawi imeneyi abale amene ankati mfutso ndi ndiwo zakumudzi amaukumbukira mwaulemu, makamaka ukatenderedwa ndi nsinjiro, motero wofutsa wanzeru amasunga mabotolo awiri: laling'ono limaikidwa poonekera kuti chibale chisathe, ndipo lalikulu limalowa m'katoni yolembedwa kuti misomali.