Chipereganyu cha Alembi a pa Masamba a Mchezo

Pakati pa magulu a anthu amene awanda m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu chifikireni mafoni a intaneti, pali gulu lina limene akatswiri a chikhalidwe cha anthu sadalifufuzebe mokwanira, ndilo la alembi a pa masamba a mchezo. Masamba a mchezo ndi mabwalo a pa intaneti monga Facebook, yomwe idayamba mu 2004, ndi WhatsApp, yomwe idadza mu 2009, kumene munthu amalankhula ndi khamu ali chogona pamphasa pake. Ndipo mlembi wa pamenepa amadziwika ndi chizindikiro chimodzi, chakuti mbiri ya buku lake imafika ku Johannesburg ndi ku London iye asanamalize kulemba tsamba lachitatu.

Kuti khalidwe la gululi limveke bwino, nkofunika kukumbukira mmene zinthu zidalili kale. Samuel Josia Ntara, amene buku lake la Nthondo lidatuluka mu 1933, adayamba walemba kenaka nkutchuka, ndondomeko imene lero ikuoneka yachikale. Alembi amene adayambitsa gulu lawo ku Chancellor College mu 1970 ankakhala pamodzi nkumasenda zolemba za mnzawo mzere ndi mzere, mwiniwake ali pompo thukuta lili kamukamu, pamene kunja kudali owerenga ena akhama kwambiri, a bungwe lounika mabuku ndi zisudzo lomwe lidadza ndi lamulo la mu 1968, pamodzi ndi apolisi. Mmodzi mwa alembiwo, Jack Mapanje, adakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Zidali zoopsa ndi zomvetsa chisoni, komabe mlembi wa nthawiyo sankakayika zoti alipo wina amene wawerenga ntchito yake mpaka kumapeto, mwayi umene mlembi wa lero, ndi ufulu wake wonse, sanganene molimba mtima kuti ali nawo.

Maziko a ubale wa alembi a lero ndi laiki, kachizindikiro ka chala chachikulu choloza kumwamba kamene munthu amadina posonyeza kuti zolembedwazo zamukomera. Wosadziwa angaganize kuti laiki ndi chiweruzo, pamene kwenikweni ndi ngongole, ndipo kayendetsedwe kake ndi ka chipereganyu, njira ija imene anthu amasonkherana ndalama mosinthana kuti aliyense alandire tsiku lake likakwana. Amene wadinira mnzake lero amayembekeza kudiniridwa mawa, ndipo akapanda kubwezeredwa amasunga mangawa, kotero kuti pokumana pa depoti ya minibasi moni wake amakhala wa pakamwa pokha. Umboni wakuti kuwerenga sikulowapo uli pa liwiro: ndakatulo ya mizere makumi anayi imalandira laiki yoyamba mwiniwake asanabweze foni m'thumba.

Mawu oyamikira nawo ali ndi matanthauzo amene mlendo ayenera kuphunzira. "Mwalemba, akuluakulu" amatanthauza kuti zolembazo zatalika. "Moto!" amatanthauza kuti woyamikirayo waona mutu wokha. "Zakuya izi, achimwene" ndi mawu aulemu kwambiri pa onse, ndipo amanenedwa pamene munthu wayesadi kuwerenga koma osatolapo kanthu. Tsoka lili kwa iye amene angayerekeze kunena kuti ndime yachiwiri ikutsimphina, pakuti ameneyo amatchedwa wansanje, ndipo chilango chake ndi kubulokedwa, kumene kuli kupirikitsidwa pamudzi popanda bwalo. Popeza Facebook imalola munthu kukhala ndi abwenzi osapitirira 5,000, malo a wopirikitsidwayo sachedwa kupatsidwa kwa wina wodziwa mwambo.

Za chithunzi cha mlembi, chogwira kuchibwano, maso ali kudenga, kumbuyo kuli shelefu ya mabuku a eni ake, sizifuna kufotokoza kwambiri. Chimodzimodzinso chilengezo chakuti "chinthu chachikulu chikubwera", chimene chimatha kubwera kwa zaka zitatu.

Mudzi weniweni wa alembiwa ndi gulu la pa WhatsApp, lomwe limatha kusunga anthu okwana 1,024, ndipo nyakwawa yake ndi adimini, munthu wosasankhidwa ndi aliyense amene ali ndi mphamvu zolowetsa ndi kutulutsa anzake. Lamulo loyamba la gulu lililonse lotere limati pano ndi pa zolembalemba zokha, ndipo limasungidwa mokhulupirika kwa sabata imodzi. Ikatha sabatayo, m'bandakucha kumagwa mavesi, chakumasana mayi wina amatsatsa mpunga wa Kilombero ndi nsapato za pa kaunjika, ndipo madzulo timu ya mpira ya Bullets ikakumana ndi ya Wanderers alakatuli amene akhala chete mwezi wathunthu amatulutsa luso la mawu limene m'ndakatulo zawo silipezeka. Mnyamata wina akaponya nthano yake yaifupi nkupempha maganizo, gulu lonse limangoti zii, ngakhale kuti foni yake imamuonetsa bwinobwino mayina a onse amene auona uthengawo. Patapita maola awiri, wina amathetsa manyaziwo potumiza chithunzi cha galimoto yogulitsa.

Komabe kungakhale kunama kunena kuti mudziwu ndi wachabe. Mmodzi akaferedwa, kapena akagonekedwa m'chipatala, gulu lomwelija limadzuka nthawi yomweyo: msungichuma amapezeka, nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zimaperekedwa, mndandanda wa osonkha umatuluka ola lililonse kuti amene sadapereke adzione yekha, ndipo pofika madzulo chipepeso chapita. Apa mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga umagwiradi ntchito, kungoti denga limene alembiwa amasenzerana bwino ndi la pa siwa, la buku ayi.

Zonsezi zimaonekera poyera pa tsiku lokhazikitsa buku, mwambo umene udabwereka zambiri ku ukwati, kuphatikizapo perekaniperekani. Holo imalipiridwa, mipando imavekedwa nsalu zoyera, mlendo wolemekezeka amafika mochedwa ndi maola awiri nkuyamba ndi kupepesa kuti bukulo sadapeze mpata woliwerenga, kenaka amalankhula mphindi makumi anayi za kufa kwa chikhalidwe chowerenga m'dziko muno. Buku loyamba amaligula pa mtengo wogwedeza holo, anthu nkuwomba m'manja, ngakhale kuti nthawi zambiri chimene chaperekedwa ndi lonjezo, ndipo mlembi amatha miyezi akulondola lonjezolo kwa sekilitale. Mwa mazana aja amene adalemba kuti "mundisungire langa, bwana", amene amafika ndi owerengeka, ndipo ena mwa iwo adzera fanta ndi samusa. Otsalawo amatumiza uthenga usiku womwewo wopepesa kuti kudagwa zina, nkumaliza ndi pempho lakuti awaponyere PDF, ndiye kuti buku lonse lathunthu lowerengera pafoni, laulere. Achibale safunsa nkomwe za mtengo, poti kugula buku la mwana wa mlongo wako kuli ngati kulipira nsima ya pakhomo.

Mlembi amabwerera kunyumba ndi makatoni ake pa kabaza. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wosindikizira udakwera, koma laiki idakhalabe pa mtengo wake wakale. Makatoniwo amakalowa kunsi kwa bedi, kumene amasanduka nkhani ya m'banja nthawi iliyonse lendi ikavuta, ndipo mmawa mwake mlembi amalengeza pa Facebook kuti mwambo udayenda bwino koposa ndipo mabuku atsala ochepa, chilengezo chimene chimalandira malaiki mazana atatu.

Buku limodzi lokha ndilo lili ndi kopita kotsimikizika. Lamulo la zosindikizidwa la mu 1947 limafuna kuti wosindikiza buku lililonse m'Malawi apereke limodzi ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba, ndipo lamulolo limanena momveka kuti alipereke ndi ndalama zake. Nalonso limapita laulere.