Ulemu upite kwa kabwalo kozungulira

Pa alendo onse amene afika kuno ku Linthipe kudzera mumsewu wa M1, palibe waulemu kuposa kabwalo ka timadontho kamene kamazungulira pakompyuta pamene Windows ikudzikonza. Kondakitala amakukalipira, wogula mbatata wa ku Lilongwe amanyoza mtengo wako, koma kabwalo aka sikakweza mawu. Kamangozungulira, m'munsi mwake muli pempho la m'Chingerezi lakuti musazimitse kompyuta.

Pempho limeneli ndimalikonda kwabasi. Amene analilemba ku Microsoft, kwawo ku Redmond ku America, ankaganiza kuti kompyuta imazimitsidwa ndi mwini wake. Kalanga ine! Kuno ozimitsa sitiwadziwa n'komwe nkhope zawo. Munthu wakhala phee, manja wapinda, lamulo wamvera, chiwerengero chakwawa mpaka 71 peresenti, basi magetsi n'kuthima. Batire ya laputopu ya kaunjika inafera ku Joni kalekale. Magetsi akabwera, kabwalo kaja sikakwiya, sikafunsa kuti munali kuti. Kamabweza zonse zimene kanachita n'kukusiyani pomwe munayambira. Kudzichepetsa kotereku ngakhale kumpingo n'kosowa.

Musati n'kopanda ntchito. Windows ikaonongeka, mnyamata woika nyimbo m'mafoni pamsika amangoti, “Bwana, apa tingofomata.” Kufomata n'kugwetsa nyumba chifukwa denga ladontha: zithunzi za ukwati zapita, makalata ofunsira ntchito apita, ndi mndandanda wa angongole a banki m'khonde womwe. Chonsecho njira ina ilipo. Ngati kompyuta ikuyakabe, mumalumikiza fulashi yokhala ndi Windows, n'kutsegula setup muli m'kati mwa Windows yakaleyo, kenako n'kusankha kuti mafayilo ndi mapulogalamu asungidwe. Mukayatsira kompyuta pafulashipo, mwayi umenewu palibe. Chilankhulo ndi mtundu wa Windows zifanane ndi zakale, apo ayi kusankhako kumakana. Zikatheka, Windows yakale imasungidwa mufoda ya Windows.old kwa masiku 10, kuti wosakhutira abwerere. Ndipo amene amayang'anira ntchito yonseyi, usiku wonse, osapempha ya fanta, ndi kabwalo komweka.

Anansi anga ena amadana nako, makamaka bambo wina amene mkazi wake ndi msungichuma wa banki m'khonde. Iwo ndiwo anali patsogolo kulimbikitsa zofomata. Tikudziwa chifukwa chake, achimwene, dzina lanu lili pamzere woyamba wa mndandanda wa angongole uja.

Kabwalo kaphunzitsanso anthu akuluakulu. Pitani ku ofesi ina iliyonse ndi kalata yofuna chidindo. Mudzapeza bwana akuzungulira bwinobwino, nkhope yodekha, n'kukuuzani kuti sisitimu yavuta, mubwere mawa. Kusiyana kwake n'kwakuti kabwalo kamakuuzaniko peresenti imene kafika, ngakhale ikhale yabodza.

Koma apa ulemu undithere pang'ono. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 inaisiya pa 14 Okutobala 2025. Akuti tonse tisamukire ku Windows 11, imene imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Makompyuta ambiri amene tili nawo kuno, ogula kwa m'bale wobwera ku Joni, sakwanira pamuyeso umenewu, chikhalirecho amalemba kalata bwinobwino. Kudawuniloda Windows yatsopanoyo kumadya bandulo yoposa magigabaiti 5, panetiweki imene imafuna ukwere pachulu. Ndalama yake ndi ya zidebe zingati za kachewere? Pafupi pomwepa, m'mapanga a Chongoni amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, zojambula zofiira za Akafula zakhala zaka mazanamazana popanda wozifunsa ngati zikukwanira pamuyeso.

Komabe mlanduwu si wa kabwalo. Iko n'kamthenga chabe, ndipo ntchito yake kamaigwira mokhulupirika kuposa ena amene timawalipira ndi misonkho yathu.

Inu amene kompyuta yanu yayamba misala, musanayambe chilichonse koperani mafayilo anu pafulashi ina, mufunse kwa amene ali ndi sola ngati angakubwerekeni soketi, ndipo bambo uja asayandikire.