Malata ndi Anu, Mkamwini

Ogulitsa nyumba m'matauni ali ndi chiphunzitso chawo, ndipo masiku ano chimafika ngakhale kuno ku Rivirivi kudzera pa foni. Amati wogula amagamula asanatsike n'komwe m'galimoto. Akangoona geti lopentedwa, kapinga wometedwa bwino ndi maluwa m'mbali mwa kanjira, basi wakopeka, chotsala n'kuwerenga ndalama. Ku Area 47 ku Lilongwe kapena ku Namiwawa ku Blantyre mwina zimayendadi choncho. Kuno wogula amabwera pa kabaza, geti kulibe, ndipo kapinga ali ndi omumeta ake a miyendo inayi omwe safuna malipiro.

Koma mlembi wanu ndi munthu wokhulupirira msanga chilichonse cholembedwa. Thonje litamukhumudwitsa, nandolo n'kupita pa sikelo ya mavenda, mkuluyu anagona chagada usiku wina n'kuona masomphenya: agulitse nyumba yake ya malata, akatsegule shopu pa Balaka, azivala shati yopisira. Kutacha anauza mayi a kunyumba. Iwo anangoti, "Chabwino, bambo," n'kupitiriza kupeta. Mwamuna wanzeru akanaopa yankho lalifupi chotero. Mlembi wanu analitenga ngati chilolezo.

Anayamba ndi khoma. Penti wa m'chitini anangomuonera patali, chifukwa chigwereni kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, munthu wamba amalowa mu hadiweya kukafunsa mitengo basi, kenaka n'kutsanzika mwaulemu. Mwayi wa anthu a ku Balaka ndi wakuti laimu ndi wakwathu. Miyala yake imakumbidwa ku mapiri a Chenkumbi, ndipo anthu akhala akuiwotcha kwa zaka zambiri. Amisiri odziwa amati laimu umuviike usiku wonse, umusefe, uthiremo kamchere kuti agwire, unyowetse khoma, kenaka upake mopyapyala n'kudikira kuti aume usanabwereze. Akakhala wonyowa amaoneka wotuwa, kuyera kumabwera pambuyo. Mlembi wanu ataona kutuwako anaganiza kuti amugulitsa phulusa, ndiye anangopaka phala lokhuthara ndi tsache la mayi. Manja anasupuka, maso anafiira, tsache linatha, koma nyumba inayera moti odutsa ankaphimba kumaso.

Chidebe chisanathe, luso linamukwera kumutu. Anapaka matsinde a mitengo mpaka m'chiuno. Anatola miyala, kuindandalika kuchokera panjira mpaka pakhonde, n'kuipakanso. Pofika madzulo pakhomopo pankaoneka ngati pa polisi tsiku loyendera bwana wamkulu, ndipo gogo wina anafika ndithu kudzadandaula za mbuzi yake yobedwa. Ena ankaima panjira n'kufunsa mwaulemu ngati kukubwera nduna. Phindu lina la laimu wopaka mokhuthara ndi lakuti sabisa alendo: aliyense wotsamira khoma amachoka ndi msana woyera, moti Lamlungu ku tchalitchi zinadziwika bwino kuti ndani anabwera kudzapempha mchere.

Mayi a kunyumba amazira khonde chaka ndi chaka ndi mtsiro wakudambo, mzere wakuda pansi, wofiira pamwamba, popanda kufunsa foni. Ntchito imeneyi palibe anaitchulapo kuti ndi yokweza mtengo wa nyumba.

Kenaka maluwa. Mkuluyu anapempha matayala akutha, kuwadula, kuwapaka laimu, n'kudzalamo timitengo topempha ku mishoni. Izi zinachitika mu October, mwezi umene dzuwa la ku Balaka limaotcha ngakhale mthunzi. "Madzi ophikira ndikatunga, osamba ndikatunga," anatero mayi. "A maluwa anuwo mukatunge nokha." Umu ndi momwe bambo wa ndevu zake anapezekera pa mzere wa pa mjigo ndi chigubu m'manja, pakati pa amayi ndi atsikana.

Sanataye nthawi pachabe, chifukwa nkhani za m'dera zimaulutsidwa pamenepo wailesi isanadzuke. Anamva za mwana wa uje amene watumiza sola kuchokera ku Joni, za banki m'khonde yomwe msungichuma wake wayamba kudwaladwala pamene nthawi yogawana ikuyandikira, za mayina a olandira chimanga omwe alembedwa kachitatu koma chimanga osaoneka. Amayi akuluakulu anakumbutsana za 2018, pamene damu la Mpira ku Ntcheu linauma, mipopi ya ku Balaka n'kumangotulutsa mpweya, anthu a m'tauni n'kuphunzira kupukusa mjigo atakula kale. Pomaliza mlembi wa komiti ya mjigo anatsegula kope n'kuwerenga mokweza mayina a mabanja omwe sanasonkhe ya mwezi. Dzina la mlembi wanu linamveka bwino kwambiri. Pobwerera anapeza mbuzi zitamaliza maluwa, zikuyesa tayala.

Dobadoba anapezeka yekha, monga amachitira. Anafika ndi nsapato zosongoka, n'kujambula nyumbayo atagwada, mopendeketsa foni kuti chimbudzi chibisale kuseri kwa mango. Pa WhatsApp analemba kuti nyumbayo ili pafupi ndi tala, pafupi ndi njanji, pafupi ndi mgodi. Sananame kwenikweni, kungoti mawu akuti pafupi amatanuka. Msewu wochokera pa Chingeni, pomwe anatsegula tologeti yoyamba m'dziko muno mu 2021, umadutsadi pa Balaka kupita ku Liwonde, ndipo munthu wolimba miyendo amaufika. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsadi pa Nkaya kupita ku doko la Nacala, koma sizinaimepo kuti zinyamule thumba la nandolo la munthu. Za mgodi ndiye musanene. Chimvekereni kuti kampani ya ku Australia ya Lindian ikufuna kukumba miyala ya rare earth paphiri la Kangankunde, yomwe amapangira maginito a galimoto zamagetsi, komanso kuti kampani ya Portland yamanga fakitale ya simenti m'bomali, aliyense wokhala ndi kamunda ka miyala akuti ali pamsana pa Kangankunde, ngakhale a ku Ulongwe.

Wogula anabwera Loweruka. Anali mkulu wobwerera ku Joni, atavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo. Mlembi wanu anaima pakhonde, manja kumbuyo, kudikira kuti mlendo akopeke monga foni inalonjezera. Mlendo sanayang'ane n'komwe miyala yoyera ija. Anapita kuseri, anagwada, anatulutsa kiyi n'kuyamba kupala laimu cha m'maondo.

"Mukufuna chiyani, achimwene?"

"Mzere wa madzi. Mwaubisa pati?"

Funso limeneli ndi la munthu wobadwira kuno. Mtsinje wa Rivirivi m'chilimwe ndi mchenga wokhawokha, ana amaseweramo mpira, amayi amafukula timaenje kuti apeze madzi. Koma mtsinjewu umachokera kumapiri a ku Ntcheu, ndipo umatha kufika usiku utadzaza ndi mvula yomwe kuno sinagwe ndi dontho lomwe. Mu January 2003 unakokolola mlatho wa njanji, sitima zopita ku Salima ndi ku Lilongwe n'kuima mpaka 2005. Mtsinje wonyamula zitsulo za sitima sungachite manyazi ndi laimu wa mlembi wanu. Kuwonjezera apo, pambuyo pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, anthu a kum'mwera anaphunzira kuwerenga khoma: poderako ndi pomwe madzi anafika, mng'alu wotsetsereka ukutanthauza kuti maziko anasuntha. Khoma likayera kwambiri, wogula amayamba kukayika kuti pali chobisika. Nyumba ya mlembi wanu ili pamtunda, madzi sanaifikepo, ndipo umboni wake unali khoma lakale lija, lomwe analikwirira yekha ndi manja ake.

Mlendo anakanda pakati pa njerwa kuti aone ngati anamangira matope kapena simenti. Anatulutsa matope. Anatenga mpini n'kugogoda mitengo ya denga, chiswe n'kuyankha ndi kafumbi kogwera pa jekete. Anafunsa ngati malatawo anawamanga ndi waya kukhoma, poti mphepo ya mvula zoyamba kuno imakonda kusamutsira denga kwa aneba. Kenaka anapempha kukaona komwe dobadoba anabisa. Balaka ndi boma loyamba m'Malawi kulengezedwa kuti anthu ake analeka kudzithandizira patchire, ndipo alangizi a zaumoyo anatiphunzitsa kuti pakhomo polongosoka pamakhala chimbudzi chofolera chokhala ndi chivundikiro, mpondagiya wosambira m'manja, thandala ndi dzenje la zinyalala. Mpondagiya analipo. Chigubu chake ndi chija chinapita ku maluwa.

Nkhope ya mlendo inawala kamodzi kokha, pamene anayamba kuwerenga mitengo. Mango awiri, masau, mlambe wa kumalire, ndi nimu wamkulu wa pabwalo. Anati ku Joni anagona zaka m'kachipinda ka malata, ndipo chomwe ankalota ndi mthunzi, chifukwa khoma munthu amamanga mwezi umodzi koma mtengo wotere umafuna zaka zambiri. Atafika pa nimu anaima. Nthambi zake zonse zakumsewu zinali zitasadzidwa.

"Anachita izi ndani?"

Mlembi wanu anayang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula. Foni ija inanena kuti nyumba izioneka bwino kuchokera panjira.

Ngakhale zinali choncho, malonda anayamba kufunda. Dobadoba anali atayamba kale kuwerengera gawo lake pa chikhatho. Ndiye mlendo anafunsa, mwachizolowezi chabe, kuti malowo ndi a ndani.

Nkhuku zokha ndi zomwe zinapitiriza kuyenda. Kuno, monga m'madera ambiri a Balaka ndi Machinga, ukwati ndi wachikamwini. Mwamuna amachoka kwawo n'kukamanga kwa mkazi, pamalo a mbumba, ndipo woyang'anira mbumbayo ndi malume. Mlembi wanu anabwera m'mudzi muno ndi sutikesi ndi wailesi. Zaka zikachuluka munthu amaiwala, makamaka akagula malata. Lamulo la malo a makolo la 2016 linawonjezera komiti ya malo m'dera la gulupu aliyense: wapampando ndi gulupuyo, mamembala osankhidwa ndi 6, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Ndiye ngakhale mkamwini atathawira ku lamulo la boma, akapezanso alamu ake atakhala pabenchi.

Palibe anaona amene anatuma mwana. Anthu anangoona amalume a mayi akutulukira pangodya ndi ndodo yawo, pambuyo pawo apongozi, pambuyo pa apongozi alamu atatu. Mayi a kunyumba anayala mphasa modekha, ngati munthu amene anadziwa tsiku ndi ola kuyambira pa "chabwino" uja.

Amalume anapereka moni kwa aliyense, anafunsa za ku Joni, anayamikira kuyera kwa nyumba. Kenaka anatembenuka.

"Tamva kuti mukugulitsa, akamwini."

"Ndimati ndibwere kudzakuuzani, amalume."

"Musavutike, tabwera tokha. Ife sitikaniza munthu katundu wake. Malata ndi anu, tinakuonani mukutsitsa pangolo. Misomali ndi yanu. Chitseko munachita kugula, tengani. Njerwa munaumba ndi dothi lathu, munaotcha ndi mitengo yathu, zimenezo tikambirana. Laimuyu ndi wanunso, mukhoza kupala n'kunyamula. Koma pansi pamene mwaimapo pali michombo ya ana a mlongo wanga."

Wogula anavula jekete koyamba, anapepesa kwa akuluakulu, n'kufunsa ngati mbumbayo ingamuloze kwa amfumu kuti akapemphe malo mwa dongosolo. Alamu anamuperekeza mpaka panjira, akuseka naye. Dobadoba anazimiririka nthawi yomwe ndodo ya amalume inaonekera, koma madzulo anatumiza uthenga wofuna ndalama ya mayunitsi ndi ya kabaza.

M'matauni muli nyumba zolembedwa zilembo zazikulu kuti sizikugulitsidwa, pofuna kuchenjeza anthu za achibale ndi akamberembere ogulitsa zosakhala zawo. M'mudzi muno chikwangwani chotere chinali chisanaonekepo, mwina chifukwa panalibe khoma loyera mokwanira. Kutacha m'mawa mlembi wanu anapeza mdzukulu wa apongozi, wa Sitandade 6, atalemba ndi khala kuchokera pawindo mpaka pangodya: NYUMBA INO SIKUGULITSIDWA. Zilembo zake zinali zowongoka, ndipo aphunzitsi ake ayamikiridwe.

Mbumba inakhalanso pansi sabata yotsatira, mkamwini ali pa mpando wakutali woyenera udindo wake. Anagwirizana kuti poti pakhomopo pakongola kuposa pena paliponse, chinkhoswe cha mphwake wa mayi chidzachitikire pomwepo mvula isanagwe, ndipo mwini malata adzakonze zofolera pabwalo, poti nimu alibenso mthunzi. Anagwirizananso kuti si bwino alendo adzaone nyumba ya mkamwini ikuwala pamene ya apongozi ili mbuu. Amalume analonjeza thumba la laimu, apongozi anapereka tsache latsopano, ndipo mayi a kunyumba anapempha kuti ulendo uno ayambire kuseri, ku chimbudzi, akabweze kaye chigubu cha mpondagiya.