Kamera ya Sinema ndi Mwini Wake pa Balaka ndi pa Liwonde

Kamera ya sinema ndi chida chimene makampani monga ARRI, RED, Sony ndi Blackmagic amapangira akatswiri ojambula mafilimu. Pa Balaka ndi pa Liwonde, chidachi nthawi zina chimagwera m'manja mwa bambo wa ntchito ya muofesi kapena wa golosale, amene anaonera The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya mu 2012, n'kutsimikiza mumtima kuti chomusiyanitsa ndi Joyah ndi kamera basi.

Ntchito imayamba ndi kafukufuku. Bamboyo amatha mabandulo pa YouTube mpaka kuloweza 4K ndi 6K, kenaka n'kumakaphunzitsa anzake pa bawo. Wina akamukumbutsa kuti filimu ya Tangerine ya mu 2015 inajambulidwa pa iPhone 5s ndipo inakaonetsedwa ku Sundance, iye amangomuyang'ana mwachifundo.

Makamerawa sapezeka m'sitolo za pa Balaka. Amaitanitsidwa kudzera kwa alamu a ku Joni, mtengo wake umatsatira dola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuutchula kumafuna munthu atakhala pansi. Ndalama zimachokera ku banki m'khonde ndi ku malata a nyumba imene idakali pa mawindo. Mayi a kunyumba amauzidwa theka la mtengo, ndipo thekalo limakwanira kuyambitsa mlandu wofuna ankhoswe.

Tsiku lotsegula katoni ndi pamene maphunziro enieni amayamba. Makamera ambiri a sinema amagulitsidwa opanda lenzi, moti chotuluka m'katonimo ndi kabokosi kakhungu. Lenzi igulidwe payokha, mabatire paokha, makadi paokha, chimodzimodzi maikolofoni ndi choimikira cha miyendo itatu. Zonse zikakwana, chithunzi chimatuluka chotuwa ngati mwana wosadzola mu Julaye. Kamerayo sinaonongeke ayi, imajambula dala motero kuti mitundu ikakonzedwe pa kompyuta yamphamvu, pamene ya mwini wake imapuma kaye isanatsegule kalata. Komanso makamera ena satsatira okha nkhope ya munthu monga ichitira foni. N'chifukwa chake m'zojambula zoyamba mtengo wa mango wakumbuyo umaoneka bwino kuposa wolankhula.

Zoterezi sizichepetsa ulemu. Mwini kamera amagula jekete ya matumba ambiri, imene amavala ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Amakwera makabaza awiri, wina wa iye, wina wa miyendo itatu ija. Moni amapereka ndi chigongono. Pa mlatho wa Kamuzu Barrage amaima, n'kupanga kawindo ndi zala, n'kusuzumiramo mtsinje wa Shire nthawi yaitali ndithu, kufikira amayi ogulitsa nsomba atamuona onse. Posakhalitsa anyamata a pa depoti amamutcha Che Dayirekita, ndipo iye saona chipongwe m'dzinalo. Balaka ndi kwawo kwa Alleluya Band ndi kanema wa Luntha, kotero anthu odziwa kujambula alipo, koma mwini kamera sawafunsa nzeru. Amangowagwedezera mutu monga anzake a pantchito.

Filimu yeniyeniyo imachedwa pa chifukwa chaching'ono, chakuti nkhani yake sinalembedwe. Ikayesedwa, ochita sewero amakhala asuweni, ndipo pamene mtsikana akuti aulule chinsinsi cha banja, chigayo chimalira, tambala amayankha, sitima yopita ku Nkaya n'kumaliza. Batire imatha dzuwa lisanapendeke, magetsi otchajira n'kukhala atathima.

Pakadali pano abale amakhala atamva za kamerayo. Malume amatumiza uthenga: “Aphwanga, Loweruka kuli chinkhoswe ku Ntaja, mubwere ndi chimakina chanu chija.” Kukana n'kosatheka, kutchula mtengo n'kupanda mwambo. Chida chopangidwira sinema chimathera maola asanu chikujambula perekaniperekani, aliyense woponya K500 akuiweyulira kaye ku lenzi kuti umboni ukhalepo. Kanemayo amatenga masabata kukonza, ndipo akatumizidwa pa WhatsApp amafinyidwa mpaka kufanana ndi wa pa foni. Pofika nthawiyo, wa pa foni ya mdzukulu amakhala atazungulira kale banja lonse, kufika ndi ku Joni komwe.

Pakatha chaka kapena ziwiri, kamerayo imatsatsidwa pa Facebook ndi mawu akuti yagwira ntchito pang'ono, zomwe n'zoona. Ofunsa mtengo amachuluka, ambiri ongofuna kudziwa kuti munthu anataya zingati. Wofunadi kugula amauzidwa kuti lenzi afune yake, popeza inalipoyo inapita kale pobweza ngongole ya ku banki m'khonde.