Zala Mazanamazana, Nsabwe Ili Moyo

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Akuluakulu ananena zimenezi asanaone Facebook. Nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'makomo mwa anthu kuno ku Senga Bay, zithunzi zake zinafika ku Lilongwe madziwo asanafike n'komwe pakhonde lachiwiri, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse panasonkhana zala. Mazanamazana, zonse zazikulu, zonse zoimirira. Ndi nsabwe yanji ingapulumuke pa khamu lotere?

Inapulumuka, ndipo inanenepa.

Ana a masiku ano sanaphepo nsabwe, ndiye ndiwauze mmene zimakhalira. Nsabwe siifa chifukwa zala zachuluka. Imafa zikhadabo ziwiri zikakumana iyo ili pakati, mpaka kumveka kuti tswa! Tsono zala za pa Facebook sizikumana. Chilichonse chimaima pachokha, chitaloza kumwamba, kuuza Mulungu kuti nkhaniyi ndi yake. Chala cha ku Area 47 chili apo, cha ku Johannesburg chili apo, cha ku London chabwera ndi kankhope kolira misozi. Wina walemba "zachisoni", wina "tili nanu m'mapemphero", wina "boma lili kuti?" Wina wafunsa ngati chambo chatsika mtengo. Nsabwe ikungoyenda pakati pawo, ikupereka moni.

Ndiye taganizani za mayi woyanika usipa amene thandala lake lapita ndi madzi. Akwere galimoto mpaka ku Kamuzu Road, alowe m'sitolo ya misomali, atulutse foni n'kunena kuti, "Bambo, onani anthu ondimvera chisoni, ndipatseni makilo awiri." Mwini sitolo aziwerenga zalazo chimodzichimodzi, mwina n'kuwonjezapo chake, koma misomali ikhala pomwepo. Amene wapindula pa chisoni chonsecho ndi mnyamata wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera.

Komatu foni ilibe mlandu. Mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta ndipo odwala akusowa mpweya m'zipatala, mlembi Onjezani Kenani anapempha thandizo pa Facebook pomwepa. Amalawi a kuno ndi a kunja anasonkha, zipangizo za okosijeni zinagulidwa n'kukafika m'mawodi. Iye sanapemphe misozi. Anapereka nambala zotumizirako ndalama, ndipo ankalengeza poyera zomwe zalowa ndi zomwe zagulidwa. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, zithunzi za ku Chilobwe ndi zomwe zinadzutsa anthu kusonkha ufa, mabulangete ndi zovala. Ngakhale ku America, pamene anthu ankadzithira madzi ozizira pamutu mu 2014 n'kumajambulana, bungwe la ALS Association linatolera madola 115 miliyoni. Ife kuno timadzithira madzi tsiku ndi tsiku m'nyanjamu, sitinalandirepo ngakhale tambala. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathuwo akapukuta mutu ankalowetsa dzanja m'thumba.

Chala chachiwiri n'chimenecho: chija chimalemba nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. N'chala chamanyazi kwambiri. Choyamba chija chimadzuka m'mamawa, sichitopa, chimatha kulira maliro, kuyamikira ukwati ndi kudzudzula nduna munthu asanasukusule. Chachiwirichi chikangomva kuti "tumizani", netiweki imavuta, batire limatha, mwezi umakhala kuti sunathe. Choopsa n'chakuti choyambacho chimanamiza mtima. Munthu ukadina, umamva ngati wapereka, n'kugona tulo tabwino, pamene mnzako wagona m'kalasi pasukulu ndi ana ndi mbuzi zomwe.

Palinso chala chachitatu chimene akuluakulu sanachitchule, chija chimatenga chithunzi cha mwana wodwala wa eni ake n'kuikapo nambala yake. Chimenechi n'chimene chachititsa kuti ena amene anali ndi mtima wopereka aumitse dzanja, ndipo ine sindiwada.

Choncho abale, nyanja ikadzakweranso, chithunzi chikadzakupezani, funsani kuti ndalama akusunga ndani, ndipo malisiti aonetsa liti. Akakuyankhani bwino, tumizani ngakhale K1,000. Ngati m'thumba mulibedi, palibe mlandu: tumizani chithunzicho kwa achimwene aja a ku Joni, ndipo nambala musaiwale.