Kabokosi Kanga N'ka Olipira Okha

Padziko pano pali anthu okhuta. Munthu amadya n'kutsala ndi mphamvu zonyamula kabokosi kupita nako kutchire, kukabisa kuseri kwa mwala, kulemba pa intaneti manambala osonyeza malowo, kenako n'kukhala phee kudikira kuti wina wosamudziwa n'komwe akakasake. Wokapezayo salandira kanthu. Amalemba dzina lake m'kabuku ka m'katimo, akafuna amatengamo kanthu n'kusiyamo kake, amatseka, n'kubwezera pomwe wakapeza. Masewerawa amawatcha geocaching, ndipo timabokosi totere tapitirira 3 miliyoni m'maiko oposa 190. Kamodzi mwa timeneti ndi kanga, ine wogulitsa kachewere wa ku Tsangano, amene chibadwire chomwe ndinkadziwa kubisa ndi ndalama ya kachasu mu sokosi.

Anandilowetsa ndi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zaulimi ku Ulónguè. Mnyamatayu mutu umagwira, kungoti akayamba kufotokoza saona kuti nsima ikupola. Akuti kale boma la America linkasokoneza dala GPS ya anthu wamba, moti chida chinkatha kukuphonyetsa malo ndi mamita 100. Kumayambiriro kwa Meyi 2000, pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe. Pa 3 Meyi bambo wina, Dave Ulmer, anatenga chidebe chakuda n'kuikamo mabuku, makaseti a vidiyo, ndalama pang'ono, legeni ndi chitini cha nyemba, n'kukachisiya m'tchire pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, kuti aone ngati anzake angachipeze ndi manambala okha. Anachipezadi. Mu Seputembala chaka chomwecho Jeremy Irish anatsegula tsamba la Geocaching.com, ndipo kampani yoyendetsa masewerawa, Groundspeak, ili ku Seattle mpaka lero. Pa nkhani yonseyi ine chinandigwira mtima ndi nyembazo. Ndinati mzunguyo ndi mnzathu.

"Amalume," anatero mnyamatayo, "pa msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu pamadutsa alendo ambiri, ndipo ena mwa iwo amasewera zimenezi. Mukaika kabokosi mbali yathu ino, adzatsika galimoto."

Kwa osadziwa, kwathu kuno malire ndi msewu womwewo. Ukaima pa Lizulu kapena pa Biriwiri, mbali iyi ndi kwacha, ukangowoloka phula ndi metikali, ndipo nkhuku zimadya maiko awiri tsiku limodzi popanda chiphaso. Choncho zonena mnyamatayo zinandikomera, ngakhale kuti ndinagwirapo liwu limodzi lokha: alendo. Mlendo amamva njala, wanjala amagula chipisi, ndipo chipisi ndi kachewere. Usiku umenewo ndinagona nditamaliza kale kukhoma malata pa golosale ya m'mutu mwanga.

M'mawa ndinabwereka kontena ya pulasitiki ya mayi a kunyumba, ija amasungiramo mchere. Ndikuti kubwereka chifukwa ndinali ndi cholinga chodzawauza tsiku lina. Ndinaikamo kope, pensulo, supuni imodzi, mabatani awiri a jekete ndi ndalama zachitsulo za maiko onse awiri kuti mlendo asankhe yekha. Ndinafuna kuikamo kachewere mmodzi ngati chitsanzo cha katundu, koma mnyamatayo anati chakudya saloleza masiku ano chifukwa nyama zimanunkhiza. Malamulo ena ndi akuti osakumba pansi, timabokosi titalikirane mamita 161, ndipo upemphe kaye mwini malo. Lachiwirilo silinandivute, pakuti pa mapu a pafoni sindinaone mnzanga aliyense pafupi. Lachitatulo ndilo linanditengera kwa amfumu.

Munthu wa Seattle sangamvetse kuti kuno bokosi lobisika kutchire si nkhani yosekera. Nkhondo ya kwathu ku Mozambique inatha mu 1992, ndipo ambiri mwa ife tinakulira ku Ntcheu ngati othawa kwawo. Dziko lathu linalengezedwa kuti mabomba okwirira odziwika atha mu 2015, dzulodzulo lomweli. Akuluakulu akamva kuti wina akufuna kusiya chinthu pansi pa mwala, amayamba aganiza za zida, kenako za kukhwima. Amfumu anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti nditsegule, iwo atasunthira chammbuyo pang'ono ndi mpando womwe. Ataona supuni ndi mabatani, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi kunyumba kuli bwino?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinati kuli bwino. Anandilola, koma ndinamva akuuza nduna yawo kuti azindiyang'anira.

Vuto lenileni linabwera polembetsa. Pa tsambalo pali malo oti mwini kabokosi asankhe: kaonekere kwa aliyense, kapena kwa mamembala olipira okha, amene amawatcha a Premium. Olipirawo amapereka pafupifupi madola 40 pa chaka, kutanthauza mametikali oposa 2,000. Osewera enieni amakangana kwambiri pa nkhaniyi, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Otsekera amati munthu amene wapereka ndalama amasamala: amatseka bwino chivundikiro, sabera, sasiya kabokosi poyera kuti mvula ikalowe. Amati kabokosi kabwino kamene wakavutikira sungakasiyire aliyense amene wangoika pulogalamu pafoni lero masana chifukwa chosowa chochita. Otsegulira amayankha kuti aliyense anayamba asakulipira, ndipo ngati timabokosi tonse tabwino titsekedwa, watsopano adzasaka chiyani kuti masewerawa amukomere? Amaonjezanso kuti kumalo kumene osewera ndi ochepa, kutsekera n'kuthamangitsa ochepa omwewo.

Ine mfundo zonsezi sindinazimve. Ndinali ndikuchulukitsa. Alendo khumi, aliyense madola 40. Ndinalemba pansi ndi kamtengo, ndinafufuta, ndinalembanso, yankho linali lomwelo ndipo linali lokoma. Ndinaganiza zosiya kachewere, ntchito yonyamula matumba m'bandakucha kuzizira kwa Juni kukulowa m'mafupa, n'kukanganirana mtengo ndi anyamata a malole a ku Blantyre amene amaona chilema pa mbatata iliyonse.

"Amalume, ndalamazo sizibwera kwa inu."

"Zimapita kuti?"

"Ku kampani. Ndi zoyendetsera tsamba."

"Nanga ine mwini kontena ndimalandira chiyani?"

"Wopezayo amakulemberani kuti zikomo."

Ndinapempha madzi akumwa. Ndisanameze, mnyamatayo anaonjeza kuti woti atsekere kabokosi ayenera kukhala wolipira iye mwini, komanso kuti kugwiritsa ntchito kabokosi poitanira malonda n'koletsedwa. Ndiye kuti kuti ndiletse anthu kuona supuni yanga, ndiyambe ndagulitsa kachewere wanga, ndipo dzina la golosale ija lisatchulidwe n'komwe.

Munthu wanzeru akadasiyira pomwepo. Koma mawu akuti "olipira okha" anali atandilowa m'magazi. Ndine munthu amene mpira wa pakanema ndimaonera pawindo, chifukwa mnyamata wa pakhomo amafuna ndalama. Pa ukwati ndimadya m'gulu lachitatu, nyama itasanduka msuzi. Mu chapa, minibasi ya kwathu, malo anga ndi apakhomo, mwendo umodzi kunja. Moyo wanga wonse zitseko zakhala zikutsekedwa ine ndili panja, ndipo tsopano, kwa nthawi yoyamba, ndinapatsidwa chitseko changachanga choti nditsekere ena. Ndinayamba kuyenda mosintha. Pamsika ndinkayang'ana anzanga ogulitsa kabichi n'kumati mumtima, inu simungaone.

Ndinaganiza zokafunsa nzeru kwa alamu anga ku Furancungo, m'boma la Macanga. Ulendo wake ndi wodzera ku Ulónguè, ndipo thupi limakumbukira mwala uliwonse. Alamuwa ndi mlimi wa fodya, ngati anthu ambiri kumeneko, ndipo amadziwa za mapepala chifukwa chaka chilichonse amasainira feteleza wa ngongole. Koma ndinawasankha pa chifukwa china. Iwo ndi a kudambwe. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, wakhala wa mamembala okha kuyambira kale Seattle asanamve za intaneti. Ngati pali munthu wodziwa kutsekera ena kunja, ndi iwowa.

Anandimvetsera akusankha fodya m'chigafa, osadzutsa mutu.

"Alamu, munthu amene sanagule njira akafika pa kabokosi kanuko, mumamutani?"

"Safika. Foni yake siimusonyeza malo."

"Nanga wopanda foni?"

Funso limeneli sindinalikonzekere. Ndinayang'ana fodya ngati kuti ndikudziwa magiredi ake.

"Kwathu," anapitiriza, "malo aja aliyense amadziwa kumene ali, ngakhale kamwana. Chimene chimamuletsa ndi mantha, ndipo mantha ali ndi eni ake amene amagona komweko. Inu mlonda wanu ndani?"

"Palibe."

"Chabwino. Nkhuku ya wolowa amadya ndani?"

"Azungu a ku America."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana mlongo wanga wa ukwati kuti adzamve yekha. Kenako anaitananso aneba. Ndinafotokoza nkhani yomweyo kwa gulu lililonse, ndipo aliyense ankafuna kuti ndibwereze pa supuni paja. Potsanzikana alamu anandipatsa nkhuku yeniyeni ndi mwambi waulere, uja wa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinawathokoza chifukwa cha nkhukuyo.

Nditabwerera ndinathamangira kuphiri, komwe ndinabisa kabokosi, kukaona chuma changa. Apa ndiyenera kutchula kuti chiikire kabokosiko ndinkapitako pafupipafupi, kukangoona ngati kalipo, mwina kukapukuta fumbi. Sindinazindikire kuti mapazi anga apanga kanjira koyera bwino kuchokera kumunda mpaka pamwala penipeni, moti ngakhale wakhungu akadafika. Abusa a mbuzi anafika. Alibe foni, sadziwa Bill Clinton, sanalipire dola kapena tambala, koma anapeza malowo mosaphonya ndi mita imodzi yomwe.

Ndalama zinapita, za maiko onse awiri. Supuni inapita. Mabatani anasiya, zomwe zinandipweteka pang'ono. Chondidabwitsa n'chakuti anawo anatsata lamulo la masewerawa popanda wowaphunzitsa, chifukwa m'malo mwa zomwe anatenga anasiyamo legeni yoduka mphira ndi nthangala ya mango yotafunidwa bwino. Anatsekanso chivundikiro mwamphamvu kuposa mmene ndimatsekera ine. Kope linatsala theka, masamba enawo mwachionekere anathandiza wina wamkulu kupichirira chingambwe. Pa tsamba loyamba, pomwe ndinkayembekezera dzina la mlendo wa ku Germany, panali chithunzi cha munthu wa mimba yaikulu ndi chipewa, akusuzumira pansi pa mwala. Chipewacho anachijambula bwino kwambiri, mpaka chigamba chake.

Ndinakhala pamwalapo n'kuyamba kuwerengera amene ndikadamutsekera kunja ndikadalipira. Mphunzitsi wa pa sukulu yathu, amene ali ndi foni yabwino koma malipiro ake amathera pa sopo. Mwana wa mlongo wanga yemwe uja, amene naye salipira. Mwina mlendo mmodzi wa chikwama kumsana, wodutsa pa njinga kuchokera ku Lilongwe. Anthu atatu amenewa ndi okhawo m'dera lonse amene sakadaba supuni. Abusa a mbuzi loko wa pa intaneti sawakhudza, chimodzimodzinso anyani, chiswe ndi moto wa kutchire wa mu Okutobala.

Ndinali ndisanagamulebe pamene nkhaniyi inafika kunyumba. Inafika ndi mwana wina amene anabwera pakhomo kudzatsatsa supuni. Mayi a kunyumba anaizindikira ndi kupindika kwa chogwirira, ndipo mwanayo, pofuna kudzipulumutsa, ananena zonse, mpaka mtundu wa chivundikiro. Madzulo ndinapeza mchere uli m'pepala patebulo, iwo atakhala pambali pake manja ali pachifuwa.

Ndinayesa kufotokoza mwaulemu. Ndinatchula Oregon, ndinatchula mamita 161, ndinafika mpaka pa mkangano wa otsekera ndi otsegulira, ndipo ndinapempha maganizo awo ngati mnzanga wa m'banja. Anamvetsera bwino kuposa amfumu ndi alamu.

"Ndiye mukuti n'zotheka kuti chinthucho chikhale cha olipira okha?"

"Eya, mayi."

"Abambo, kontena ija ndinagula ndine pa Lizulu, ndi ndalama yanga ya tomato. Supuni ndi ya pa ukwati wanga. Kope ndi la mwana, ndinagulanso ndine. Pa anthu onse amene mwatchulawa, wolipira ndine ndekha. Kakatengeni."

Ndinapita usiku womwewo ndi tochi, nduna ya amfumu ikunditsatira chapatali.

Pa tsamba paja kabokosi kanga kalembedwa kuti kaima kaye, mwini wake akukonza zina. Ndasankha kuti kakadzabwerera kadzakhale ka aliyense, ndipo kumsika ndikumauza anthu kuti ndachita zimenezi chifukwa chokonda chilungamo, nkhani ya madola 40 sindikuitchula. Chatsala ndi chosungiramo. Amene ali ndi chitini cha chivundikiro cholimba andipeze pa mulu wa kachewere Loweruka, tisinthana ndi legeni. Kunyumba sindingatengenso kanthu, chifukwa masiku ano ziwiya zimawerengedwa madzulo aliwonse, ine ndili pomwepo ngati mboni.