Kukulitsa Thupi la Galimoto Yopanda Denga

Kukulitsa thupi la galimoto ndi ntchito yodula madigadi a galimoto yabwinobwino, yosadwala paliponse, n'kumamatizapo ena otambalala kuti pansi pake pakwane matayala onenepa. Ntchitoyi imachitika kwambiri pa timagalimoto taliwiro, kuphatikizapo mtundu uja umene denga lake ndi lona lopindira kumbuyo. Kagalimoto kotere kawirikawiri kamanyamula anthu awiri basi: woyendetsa ndi munthu mmodzi wochitira umboni. Ku Ngabu mfundo imeneyi imafunika kuifotokoza kawiri, chifukwa kuno Sienta ya mipando 7 ikanyamuka ndi anthu 7, pa siteji amati yapita yopanda kanthu.

Mlembi wa ndime ino ali ndi ukatswiri wokwanira pa nkhaniyi. Magalimoto otere adawaonera bwinobwino pa foni ya mwana wa achemwali ake mpaka bandulo idatha. Katundu wake wamagudumu ndi njinga yakapalasa imodzi, komanso wilibala yobwereka imene mwini wake sanabwerebe kudzaitenga. Kuonjezera apo, thupi lake lomwe lidadutsa m'magawo onse awiri a ntchitoyi: denga lidachoka lokha zaka zapitazo, ndipo m'mbali mudatambalala popanda kuitana mmisiri.

Mwambowu udayambira pa mipikisano ya liwiro. Tayala lotambalala limagwira msewu kwambiri pokhota, koma likatambalala limatulukira kunja kwa thupi, ndipo m'mayiko ambiri malamulo safuna tayala loyenda losaphimbidwa chifukwa limaponyera anthu miyala ndi matope. Yankho lake lidali kukulitsa madigadi. Mu 1975 kampani ya Porsche idatulutsa 911 Turbo ili yotambalala kumbuyo kuchokera ku fakitale, ndipo anthu ataiona adayamba kufuna maonekedwewo ngakhale alibe mpikisano wopitako. Lero akamuna a ntchitoyi ambiri ali ku Japan. Akira Nakai wa RWB amayenda maiko kukadula ma Porsche a anthu ndi manja ake, eni ake akuonerera n'kumamwetulira. Wataru Kato wa Liberty Walk amadula ngakhale Ferrari ndi Lamborghini. Kei Miura amapanga madigadi otchedwa Rocket Bunny, omangidwa ndi mabawuti oonekera dala, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti pano padalowa ndalama.

Pa magalimoto opanda denga, yodulidwa kawirikawiri ndi Mazda MX-5, imene idatuluka mu 1989. Yoyambayo inali ya mamilimita 1,675 m'lifupi ndipo sinkakwana tani imodzi kulemera kwake. Pofika 2016 kampaniyo inali itapanga zokwana miliyoni imodzi. Dziko la Japan lomweli ndi limene limatitumizira magalimoto akale kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, kungoti wogula wa ku chigwa cha Shire posankha sayang'ana liwiro. Amayang'ana kumbuyo n'kuwerengera matumba.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kuyesa. Mmisiri amaika madigadi atsopano pamwamba pa akale, n'kulemba mzere, n'kuboola timabowo ta mabawuti. Kenaka amachotsa, n'kutenga gulayinda. Mwini galimoto amalangizidwa kuti pa nthawi imeneyi akhale atapita kumsika. Kutsogolo kudula sikuvuta, chifukwa madigadi akutsogolo ndi omangidwa ndi mabawuti ndipo akalakwika amagulidwa ena. Kumbuyo ndi kumene kuli mlandu. Chitsulo cha kumeneko ndi mbali ya thupi lenilenilo, ndipo chili ndi zikopa ziwiri, chakunja ndi cham'kati. Ukadula, zikopazo zimalekana, choncho ziyenera kulumikizidwanso powotcherera, n'kumatidwa, n'kupakidwa penti yoteteza ku dzimbiri. Mmisiri waulesi amadumpha gawo limeneli podziwa kuti likabisika pansi pa madigadi atsopano, ndipo mwini wake adzalizindikira patapita dzinja limodzi kapena awiri, madzi atayamba kulowa m'buti.

Madigadi atsopanowo amakhala a fibreglass kapena pulasitiki, ndipo amaonjezera masentimita ochepa, kawirikawiri osafika 10 mbali iliyonse. Mpata umenewo uyenera kudzazidwa, apo ayi matayala akale amaoneka obisala m'kati. Njira yabwino ndi kugula malimu ndi matayala otambalala. Njira ya munthu amene ndalama zamuthera pa gulayinda ndi kuika zitsulo zozungulira pakati pa limu ndi habu kuti zikankhire tayala kunja. Pomaliza galimoto amaitsitsa, kuti pakati pa tayala ndi madigadi pasalowe ngakhale chala.

Galimoto yopanda denga ili ndi vuto lakelake. Denga lachitsulo limamanga thupi kuti lisapindike, ndiye likapanda kukhalapo mphamvu yonse imatsalira pansi ndi m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko. Zimenezo sadula. Ena amachita kuonjezera zitsulo zolimbitsa pansi, chifukwa matayala ogwira kwambiri amapotokola thupi kuposa kale. Zotsatira zina n'zodziwika: mabering'i amatha msanga, chiwongolero chimalemera, galimoto imamwa mafuta ochulukirapo, ndipo liwiro la pamsewu wowongoka silionjezereka n'komwe.

Tsono galimoto yomalizidwayo ikatsetsereka mapiri a ku Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kudutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, imafika m'dziko limene silidafunsidwe maganizo. Choyamba ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu kumadutsa madigiri 40, ndipo munthu wotsegula denga masana amafika kumene akupita atapsa kale, kungotsala mchere. Anthu a kuno akhala akuyenda opanda denga kuyambira kalekale, kumbuyo kwa malole ndi pamwamba pa mabelo a thonje, ndipo palibe mmodzi yemwe adatsikapo n'kunena kuti wanjoya. Nthawi yoyenera kupinda lona ndi Juni ndi Julaye, m'mamawa, ng'ombe zisanatuluke m'khola kudzadzutsa fumbi.

Chachiwiri ndi msewu. Pa tala wa M1 galimoto yotsitsidwa imayenda bwino kufikira itakumana ndi hampu yoyamba, imene iyenera kukweredwa chammbali, pang'onopang'ono, ana a sukulu akuthandiza ndi malangizo. Ikasiya tala imapeza dothi la makande, limene m'chilimwe limang'aluka ming'alu yolowa phazi, ndipo m'dzinja limakakamira pa tayala mpaka kudzaza kampata kaja kosalowa chala. Apo galimoto imaima, ndipo imachoka pokhapokha pabwere ng'ombe ziwiri ndi chingwe. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe wa Ana adadula M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa, ndipo masiku amenewo chombo chaulemu chinali bwato ndi msana wa mnyamata wamphamvu. Za mbuzi sitinenapo zambiri. Mbuzi ya ku Ngabu imadziwa kuti msewu ndi wake, ndipo galimoto ikatambalala mbuziyo sichepa.

Izi sizikutanthauza kuti luso lokulitsa thupi n'lachilendo kuno. Lilipo lakalekale, kungoti cholinga chake ndi katundu. Ngolo imaikidwa matabwa m'mbali nthawi yokolola thonje ndi mapira. Njinga yamoto ya kabaza imamangiridwa thabwa lopingasa kumbuyo, ndipo imatha kunyamula mbuzi, makireti ndi malata mwakamodzi. Koma mwini luso ndi kaliyala wa njinga yakapalasa, amene owotcherera a pa msika amamulimbitsa ndi zitsulo zomangira nyumba n'kumutambasula malinga ndi chikhulupiriro cha mwini njinga. Kusiyana kwake ndi kwa ku Japan n'kwakuti kuno ntchitoyi imabweza ndalama.

Chitsanzo cholembedwa bwino ndi cha njinga ya mlembi wa ndime ino. Iye adapita kwa mmisiri wina ndi miyeso yotengedwa ndi chingwe cha mlaza, atawerengera matumba awiri a chimanga ogonekedwa mopingasa, kapena apongozi ake atakhala chammbali ndi dengu pamiyendo. Mmisiriyo adafunsa kuti, "Bambo, mwayesa bwino?" Mlembi adayankha kuti nkhani zoterezi amaziwerenga pa intaneti. Kaliyala adatuluka wokongola, wolimba, wopakidwa penti yofiira. Miyeso yonse inali yolondola kupatula umodzi umene sudatengedwe, wa chitseko cha nyumba. Kuyambira tsiku limenelo njingayo imagona pakhonde, yomangidwa ndi tcheni chimene mtengo wake udaposa wa kaliyala, ndipo mlembi amagona khutu limodzi lili panja. Mayi a kunyumba adapereka maganizo awo pa nkhaniyi, koma sangasindikizidwe m'nyuzipepala yowerengedwa ndi ana. Apongozi adauona mpandowo, n'kuugwedeza ndi dzanja, n'kunena kuti adokotala adawalangiza kuti aziyenda pansi.

Kumbali ya malamulo, galimoto iliyonse imafunika COF, ndipo woyesa amayang'ana ngati matayala sakukhula thupi pokhota komanso ngati palibe chitsulo chakuthwa chotulukira kunja. A inshuwalansi nawonso ayenera kuuzidwa za kusinthako, chifukwa galimoto imene adailemba m'mabuku mwawo si imene ili pamsewu. Pa zotchinga za apolisi galimoto yotambalala imaimitsidwa kawirikawiri, nthawi zina pongofuna kuiona bwino.

Kusamala kwake n'kosavuta koma sikutha. Mabawuti a madigadi amamasuka ndi mabampu ndipo amafuna kumangidwa pafupipafupi, fibreglass imang'aluka ikagunda mwala, ndipo lona limauma ndi dzuwa n'kuyamba kudontha. Pogulitsa, galimoto yodulidwa imapeza ogula ochepa, chifukwa wogulayo ayenera kukhala ndi matenda ofanana ndi a wogulitsa. Wofuna kuibwezera mwakale amagula madigadi ena akutsogolo, koma kumbuyo amachita kuwotcherera chigamba chonse n'kupentanso. Pa njinga ntchito yobwezerayi ndi ya sowo yodulira zitsulo ndi mphindi zochepa, kungoti mmisiri amalipiritsanso kachiwiri, ndipo zitsulo zodulidwazo zimatsala kwa iye.